Dzira siliwerenga kalendala ya pa foni

Amake Taonga: Mwaswera bwanji amayi nonse. Pepani, ndikudziwa kuti gulu lino ndi la chilimba, losonkherana ndalama, koma ndili ndi funso la ife akazi ndipo pakhomo ndilibe womufunsa. Taonga wakwanitsa zaka zitatu, tikufuna mng'ono wake. Mapiritsi olera ndinasiya mu Januwale. Pa foni ndinaikapo kakalendala kaja kowerengera masiku, kamandiuza kuti dzira limatuluka tsiku la 14. Abambo ake amayendetsa thiraki ya ku Nakonde, ndiye mwezi uliwonse timalimbana kuti masiku amenewo akhale pakhomo. Miyezi isanu ndi iwiri yapita, zii. Kodi mapiritsi aja anandiwononga?

Nangozo: Funsani momasuka, muno mulibe mwamuna. Sisita muli kuti? Odwala anu afika.

Amake Mphatso: Mwina thirakiyo ikumatsitsa katundu pa Kapiri Mposhi isanafike ku Chawama 😂

Nangozo: Inu Amake Mphatso, mnzanu ali ndi nkhawa, inu mukuseka.

Amake Mphatso: Mundikhululukire, pakamwa panga m'mapadziwa.

Sisita Naphiri: Ndabwera, kuno ku Chilenje magetsi anali atapita, foni inazima. Amake Taonga, kaye musanadandaule. Kuchokera tsiku loyamba kuona magazi kufika tsiku loyamba la mwezi wotsatira, pamadutsa masiku angati? Osati masiku amene mumasamba, koma mtunda wonsewo.

Amake Taonga: Ndimalemba m'kabuku ka chilimba kumapeto. Mwezi wapitawu 34, winawo 33, winawo 35, winawo 34. Pa foni sindinalowetse manambala amenewa, kanabwera kale ndi 28 ndipo ndinangokasiya choncho.

Sisita Naphiri: Basi ndaona. Simunawonongeke mwana wanga. Abambo a Taonga mukumawaitana msanga. Tsiku lenileni likamafika iwo amakhala ali kale mu Great North Road. Mkazi wa masiku 34 dzira lake limatuluka cha pa tsiku la 20.

Nangozo: Aa, Sisita, ife kusukulu anatiphunzitsa 14. Ndinalemba mayeso n'kukhoza ndi 14 yemweyo.

Sisita Naphiri: Munakhoza bwino, koma funso lija linali la mkazi wa masiku 28. Tidikireni ndilembe bwino, ndi yaitali.

Nkhani imeneyi siyambira m'mimba, imayambira m'mutu. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo, dzina lake pituitary. Kamamvera mbali ina ya ubongo yotchedwa hypothalamus, ndipo kakauzidwa kamatulutsa mahomoni awiri, FSH ndi LH. Homoni musamuope dzina, ndi mthenga chabe. Amapangidwa kuno, amayenda m'magazi, kukapereka uthenga uko.

Mbali ziwiri za chiberekero kuli nkhokwe ziwiri za mazira, achipatala timati ma ovary. Mazira onse mwana wamkazi amabadwa nawo, sapanga atsopano. Pa moyo wake wonse amene amakhwima n'kutuluka ndi pafupifupi 400 kapena 500 basi.

Tsono msambo ukangoyamba, FSH amapita kunkhokwe kukadzutsa timatumba tingapo, kalikonse kali ndi dzira m'kati. Timayamba kukula tonse, koma kamodzi kamapitirira anzake, tinato timafota. Kathumba kamene kakukulako kamapanga homoni wina, estrogen. Ntchito ya estrogen ndi kuyala m'chiberekero. M'kati muja mumakhala mutapyapyala chifukwa cha msambo wangothawo, ndiye iye amamanganso khoma lofewa lokhuthala, monga mmene timayalira mphasa ndi zofunda tikamva kuti kukubwera mlendo.

Estrogen akachuluka kwambiri n'kukhala pamwamba masiku ngati awiri, pituitary uja amatulutsa LH wambiri nthawi imodzi, ngati mvula ya chizimalupsa. Pakapita tsiku limodzi kapena tsiku ndi theka, kathumba kaja kamaphulika, dzira limatuluka n'kulowa m'chubu chopita kuchiberekero.

Amake Mphatso: Kuphulika? Nchifukwa chake mbali imodzi imandibaya pakati pa mwezi?

Sisita Naphiri: Ena amamvadi kubaya mbali imodzi, ena samva kanthu. Koma imani kaye, mbali yofunika kwa Amake Taonga ndi iyi.

Dzira likatuluka, chikhungwa cha kathumba chimene chatsala m'nkhokwe sichitayika. Chimasanduka kanthu kachikasu kotchedwa corpus luteum, ndipo kameneka kamapanga homoni wachinayi, progesterone. Uyu ndi mlonda. Amagwira mphasa ija kuti isachoke, amaidzaza chakudya ndi timitsempha ta magazi, kudikira mlendo. Koma kanthu kachikasuka kali ndi masiku owerengeka, 12 mpaka 14. Mimba ikapanda kukhala kamafota, progesterone amagwa, mphasa ija ilibenso woigwira, imasenda n'kutuluka. Amenewo ndiwo magazi amene timaona.

Mwaona pamene pagona nkhani? Kuchokera pa kutuluka kwa dzira kufika pa magazi, nthawiyo sisinthasintha kwambiri, ndi milungu iwiri kapena kuchepera pang'ono. Imene imatalika kapena kufupika ndi mbali yoyamba ija, yodikira kuti dzira likhwime. Ndiye powerenga timabwerera m'mbuyo. Wa masiku 28 achotse 14, apeza 14. Wa 34 achotse 14, apeza 20. Wa 24 apeza 10, ndipo ameneyu ndi uja amalira kuti ndinangomaliza kusamba, mimbayi yachokera kuti.

Nangozo: Zaka zonsezi ine ndimayesa magazi ndiwo amayambitsa zinthu. Kani ndi mathero ake.

Sisita Naphiri: Timawerengera pa magazi chifukwa ndi chokhacho chimene maso amaona. Koma magazi a lero akukuuzani za dzira la milungu iwiri yapitayo.

Amake Taonga: Mayo ine. Ndiye mafuta onse aja ankathamangira kuti afike tsiku la 13 anali opita pachabe. Tsono ndiwauze abwere tsiku la 20 lenilenilo?

Sisita Naphiri: Ayi, abwere lisanafike. Dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha. Mbewu ya abambo imatha kudikira m'thupi mwanu mpaka masiku asanu. Ndiye bwino mbewu idikire dzira, osati dzira kudikira thiraki. Kwa inu a 33 mpaka 35, kuyambira tsiku la 15 kufika la 21, ngakhale modumphitsa tsiku limodzi, zikwanira.

Ndipo thupi limakuuzani lokha kuposa foni. Estrogen akakwera, chikazi chimasintha. Chimachuluka, chimaoneka ngati madzi, chimatanuka ngati therere kapena choyera cha dzira laiwisi. Masiku a therere amenewo ndiwo masiku ake. Dzira likatuluka, progesterone amachilimbitsa, chimakhala chomata, kenako mumauma. Thupi limatenthanso pang'ono, pafupifupi theka la digiri, koma zimenezo zimaoneka dzira litatuluka kale, ndiye kwa mkazi wa dalaivala sizithandiza kwenikweni.

Amake Mphatso: Amayi inu! Ine therere limenelo mwezi uliwonse ndimagulira mankhwala oika kumusi, kuyesa ndi matenda. Ndalama zanga!

Sisita Naphiri: Mumachiza thupi labwinobwino. Cha matenda chimanyerenyetsa, kapena kununkha, kapena chimabwera zibuluma ngati mkaka wowawasa, kapena chachikasu chobiriwirako. Chimenecho pitani nacho kukiliniki, musamadzigulire.

Amake Taonga ndiwonjezere chimodzi. Mapiritsi sachedwetsa mimba, mukasiya thupi limabwerera msanga. Koma chaka chikakwana mukuyesa pa masiku oyenera popanda kanthu, mupite nonse awiri. Nonse, ndatero. Amene wapitirira zaka 35 asadikire chaka, miyezi isanu ndi umodzi yakwana. Ndagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri, ndatopa kuona mkazi akumwetsedwa mizu ya mitundu yonse pamene mwamuna sanapimidwepo n'kamodzi komwe.

Tisa wa Salon: Sisita, popeza nkhani yatseguka, nanenso ndifunse. Ine ndili pa nyeleti ya miyezi itatu. Chaka chino chonse sindinapite kumwezi. Apongozi anga ku Katete akuti magaziwo akuunjikana m'mimba, adzasanduka chotupa. Usiku sindigona, ndimagwira pamimba kufufuza.

Agogo Nambewe: Apongozi akowo sanalakwe kudandaula mwana iwe. Ife alangizi timadziwa kuti mkazi amayenera kutaya zoipa mwezi ndi mwezi. Mtsinje ukatsekedwa madzi amapita kuti?

Sisita Naphiri: Amayi Nambewe, ndikulemekezani, atsikana ambiri a muno anadutsa m'manja mwanu. Koma apa mundilole nditsutse pang'ono. Mtsinje uli ndi gwero limene silisiya kutuluka. Msambo suli choncho. Magazi aja sakhala atasungidwa penapake kudikira chitseko. Ndi mphasa ija imene imayalidwa mwezi umenewo n'kuchotsedwa mwezi womwewo.

Nyeleti ya Tisa, Depo-Provera, ili ndi mankhwala ofanana ndi progesterone. Ubongo ukaona mlonda ali pakhomo tsiku ndi tsiku, sutumiza LH wambiri uja, dzira silituluka. Mphasa nayo siyalidwa yokhuthala, imakhala yopyapyala. Tsono chosenda palibe. Sikuti magazi atsekeredwa, sanapangidwe n'komwe.

Agogo Nambewe: Nanga zoipa za m'thupi zitulukira kuti?

Sisita Naphiri: Zoipa zimachotsedwa ndi impso ndi chiwindi, amuna omwe ali nazo ndipo sasamba. Amayi, inu munabereka angati?

Agogo Nambewe: Asanu ndi atatu, awiri anatsogola.

Sisita Naphiri: Pepani. Tsono pa mwana aliyense miyezi isanu ndi inayi osasamba, kuwonjezera miyezi yoyamwitsa. Mukaphatikiza ndi zaka zambiri zopanda msambo. Magazi a zaka zimenezo anaunjikana kuti?

Agogo Nambewe: Hmm. Anapita kwa mwana.

Sisita Naphiri: Nanga poyamwitsa, mwana atabadwa kale?

Agogo Nambewe: Iwe Naphiri unali wamakani kuyambira uli mtsikana. Chabwino, za nyeleti ndakumvera. Koma mchere m'ndiwo ali kumwezi, mwana amene ndamulangiza ine sathira. Zimenezo sukulu yako isazikhudze.

Sisita Naphiri: Mcherewo sudwalitsa munthu, koma sindilimbana nanu. Pakhomo pathu amayi anga akaitana mwana kuti adzathire mchere, abambo ankadziwa okha osauzidwa. Inali foni ya nthawi imeneyo.

Amake Mphatso: Agogo agonja theka, lembani tsiku la lero 😂

Tisa wa Salon: Ndapuma. Ndiye ndikadzafuna mwana ndingosiya?

Sisita Naphiri: Inde, koma nyeleti imasiyana ndi mapiritsi. Imachedwa kutha m'thupi. Ena amadikira miyezi ingapo, ena mpaka chaka kuchokera pa nyeleti yomaliza kuti dzira liyambenso kutuluka. Si kuuma, ndi kuchedwa chabe. Ngati mukufuna mwana chaka chamawa, kambiranani ndi anamwino za njira ina panopa. Njira zolera zoika pamkono zija, Jadelle ya zaka zisanu kapena Implanon ya zaka zitatu, akangochotsa thupi limabwerera msanga.

Amake Mphatso: Za kuyamwitsa mwatchulazo zandikumbutsa chilonda. Mphatso ali ndi miyezi isanu ndi itatu, ine osasamba chibadwire chake, ndinkati ndili pabwino. Kupita kusikelo ndikumva chizungulire, anamwino akuti mayi muli ndi pakati. Ndinakana mpaka kulumbira. Mimba ibwera bwanji munthu asanaone mwezi? Lero ndi uyu Dalitso akuswa makapu anga.

Nangozo: Ndiyankhe ine Sisita, muone ngati ndamva. Dzira limatsogola, magazi amabwera pambuyo pa milungu iwiri. Ndiye dzira loyamba linatuluka mwakachetechete, linakumana ndi abambo a Mphatso, magazi sanapezenso mpata.

Sisita Naphiri: Mwakhoza, bwerani mudzatenge yunifolomu. Poyamwitsa, pituitary yemwe uja amatulutsa prolactin wopangitsa mkaka, ndipo kuyamwa kwa mwana pafupipafupi kumagoneka mahomoni odzutsa mazira. Koma zimateteza pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi isanu ndi umodzi, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Phala likangoyamba, musadalirenso.

Amake Yamikani: Ndangolowa kumene, ndinali ku Soweto kuoda tomato. Ndawerenga zonse. Langa ndi la cham'mimba. Mwana wanga wa giredi 10 tsiku loyamba amagubuduzika pansi, kusanza, kutsegula m'mimba. Anthu akuti adzasiya akadzabereka. Ndimudikiritse mpaka ukwati?

Sisita Naphiri: Ayi ndithu. Progesterone akagwa, khoma la chiberekero limatulutsa tinthu totchedwa prostaglandins. Timeneti timafinya chiberekero kuti mphasa ituluke. Tikachuluka chimafinyika mopitirira, ndipo timafikanso m'matumbo, nchifukwa chake amatsegula m'mimba ndi kusanza. Ibuprofen amaletsa thupi kupanga timeneti, ndiye amathandiza kuposa Panadol pa ululu umenewu. Chinsinsi chake amwe ululu ukangoyamba, osadikira kuti afike pogubuduzika, ndipo amwe atadya. Ngati ali ndi zilonda za m'mimba asamwe, afunse kaye. Botolo la madzi ofunda pamchombo limathandizanso. Zikakanika zonsezi, akujombabe kusukulu mwezi uliwonse, mupite naye akamuone, pali matenda ena monga endometriosis amene amabisala kumbuyo kwa cham'mimba.

Nangozo: Ife a pantchito bola tili ndi Mother's Day. Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, limapatsa mkazi tsiku limodzi pamwezi osafunsidwa kalata ya dokotala. Ngakhale kwathu bwana wina ndikatenga amandiyang'ana ngati ndaba.

Amake Yamikani: Ine Mother's Day andipatsa ndani, tomato? Ndikagona tsiku limodzi bokosi lonse laola.

Tisa wa Salon: Ndi ine yemwe, mutu wa kasitomala sudikira.

Amake Mphatso: Nanga ukali uja wa mlungu womaliza? Ine ngakhale nkhuku ikandiyang'ana ndimaikalipira. Mabere kuwawa, mimba kutupa, kufuna vitumbuwa usiku.

Sisita Naphiri: Ndi mbali yachiwiri ija, progesterone ali pamwamba kenako n'kuyamba kutsika limodzi ndi estrogen. Magazi akayamba zimaphwa. Koma inu Amake Mphatso mumakalipa mwezi wonse, mahomoni tisawanamizire.

Amake Mphatso: Sisita mwandilasa pagulu 😭

Amake Yamikani: China. Mwezi umene tinataya achimwene, ndi maulendo a ku Chadiza aja, mwezi wanga unachedwa milungu iwiri. Ndinagula zopimira mimba katatu, zonse mzere umodzi. Chinali chiyani?

Sisita Naphiri: Paja ndinati nkhani imayambira m'mutu. Chisoni chachikulu, kusagona, kudwala, kuonda msanga, zonsezi hypothalamus amazimva, amachedwetsa uthenga. Dzira limachedwa kukhwima, mbali yoyamba ija imatalika. Likadzatuluka, milungu iwiri ija imawerengedwa monga mwa masiku onse. Ndiye sikuti magazi anachedwa, linachedwa ndi dzira. Nchifukwa chake kulera kongowerenga masiku kumagwetsa anthu: maliro amodzi, malungo amodzi, masiku aja mumati ndi abwino asuntha osakuuzani.

Kopimira kaja kamafufuza homoni wina, hCG, amene amapangidwa mimba ikakhazikika. Ntchito yake ndi kuuza kanthu kachikasu kaja kuti usafote, pitiriza kupanga progesterone. Mlonda akakhala, mphasa sichoka, msambo subwera. Mukapima msanga kwambiri hCG amakhala asanachuluke, dikirani tsiku loyembekezera lidutse.

Nangozo: Ine zaka 47. Poyamba inkabwera msangamsanga, masiku 23, 24. Tsopano ikumadumpha miyezi iwiri. Usiku thukuta ngati ndili pa mbaula mu Okutobala.

Agogo Nambewe: Takulandira kuno kwathu.

Sisita Naphiri: Nkhokwe ikutha, amayi. FSH akufuula koma oyankha achepa, estrogen akukwera ndi kutsika mosalongosoka, kutentha kuja n'kumeneko. Ambiri amasiya pakati pa zaka 45 ndi 55. Koma timati mwasiya pakapita miyezi 12 yathunthu osaona kanthu. Isanakwane, dzira limodzi lotsalira likhoza kukuchititsani manyazi pamaso pa adzukulu.

Ndisanaiwale, nonse mumve izi. Mtunda wa masiku 21 mpaka 35 ndi wabwinobwino kwa munthu wamkulu, atsikana ongoyamba kumene amasokonekera zaka zoyambirira. Koma pitani kuchipatala ngati mukusamba kupitirira mlungu, ngati padi ikudzaza ola lililonse, ngati mukutaya zibuluma zazikulu mpaka chizungulire, kapena miyezi itatu yadutsa osasamba pamene mulibe mimba, simukuyamwitsa, simuli pa njira yolera. Nthawi zina ndi zotupa za m'chiberekero, nthawi zina chithokomiro, nthawi zina PCOS, vuto la mahomoni losokoneza kutuluka kwa mazira, limene nthawi zambiri limabwera ndi ziphuphu ndi ndevu. Ndipo magazi obwera mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo, kapena obwera mutasiya kale kusamba, amenewo musagone nawo. Kapimitseni khomo la chiberekero, m'makiliniki ambiri a boma muno mu Lusaka amapima.

Agogo Nambewe: Zimenezo ndivomereza ndi manja awiri. Mnzanga wa ku Mtendere ankati mwezi wabwerera ukalamba, kuseka. Pomwe ankapita kuchipatala kunali kutada.

Amake Taonga: Sisita ndawerenga ndi zala. Mwezi uno ndinayamba pa 3 Ogasiti. Ndiye tsiku la 15 ndi pa 17, la 21 ndi pa 23. Ndalondola?

Sisita Naphiri: Mwalondola. Muziyang'ananso therere lija, likabwera msanga kapena mochedwa mukhulupirire ilo. Ndipo yambani kumwa vitamini wa folic acid panopa, mimba isanakhale.

Amake Taonga: Ndawaimbira. Akuti pa 16 amayenera kunyamuka, koma apempha mnzawo asinthane ulendo. Afunsa kuti wandiuza ndani, ndati a chilimba.

Amake Mphatso: Auzeni mwanayo akabadwa dzina ndi Chilimba.

Nangozo: Mwatchula bwino. Loweruka ndi tsiku la Amake Yamikani kulandira, ndipo anthu atatu simunatumize. Amake Mphatso, mmodzi ndinu.

Amake Mphatso: Netiweki yavuta kuno ku Kanyama, sindikuona mauthenga.